Opaleshoni ya chiuno: adule kumbuyo, kutsogolo kapena m'mbali?

Amene mwauzidwa kuti mfundo ya m'chiuno yatha ndiye akuikireni yachitsulo, dziwani kuti kawirikawiri madokotala amalowera njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi kavuto kake.

Yakumbuyo, ija amati posterior, ndi imene madokotala ambiri anaizolowera, amaona bwinobwino mkatimo ndipo minofu yoyendetsa mwendo m'mbali saikhudza kwenikweni. Koma vuto lake ndi kuguluka kwa mfundoyo makamaka masabata 6 oyamba, nchifukwa chake amakuletsani kupinda chiuno kwambiri, kupingasa miyendo, kukhala pampando waufupi. Ndiye tangoganizani ife kuno ku Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa, chimbudzi ndi chokumba chofunika kunyonyomala, pamaliro azimayi amakhala pansi, kugwadira apongozi, kukwera kabaza, zonsezi ndi zija akuletsazo. Ine apa mpamene pamandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ikaguluka usiku uli ku Mzuzu pomwe anakupanga opaleshoni ndi ku Lilongwe kapena Blantyre, ulendo wa M1 uja ndi ululu umenewo si masewera ayi.

Yakutsogolo, anterior, amadutsa pakati pa minofu osaidula, ndiye ambiri amayamba kuyenda msanga ndipo kuguluka kumachepa. Koma imafuna dokotala amene waipangapo kambirimbiri, wongoyamba kumene atha kuthyola fupa la ntchafu, komanso ena amatsala ndi dzanzi kunja kwa ntchafu chifukwa kamtsempha kamadutsa pompo. Kwa munthu wonenepa bala la pamenepo limavuta kupola.

Yam'mbali, ija amati Hardinge, siguluka wamba, kungoti amadula minofu imene imagwira chiuno poyenda ndiye ena amatsimphina miyezi ingapo, ena mpaka kalekale.

Chaka chikatha anthu a njira zonse zitatu amayenda pafupifupi mofanana, kusiyana kwenikweni kuli m'miyezi yoyambirira. Ineyo ndikanati ndisankhire mayi anga, amene sangasiye kukhala pamkeka olo muwauze bwanji, ndingakonde yam'mbali kapena yakutsogolo, koma dokotala akati iye anazolowera yakumbuyo sindingalimbane naye, bola asoke bwino minofu yakumbuyoko chifukwa zimenezo zimachepetsa kuguluka. Mukapita ku LION, chipatala cha mafupa cha ku Lilongwe, mufunseni dokotalayo kuti amalowera kuti, wapangapo angati, komanso fiziyo, mafizo olimbitsa mwendowo, mudzapangira kuti mukabwerera kuno. Ndipo mpando wautali wa kuchimbudzi muuzeni kalipentala akhomeretu musananyamuke.