Ndemanga: kashopu ka ku Limbe komwe kanadzutsa laputopu yanga Windows 11 itakanika kulowa

Kampani ya Microsoft italeka kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinaganiza zoika Windows 11 mu laputopu yanga ya Lenovo, popeza pulogalamu ya PC Health Check inali itatsimikiza kuti makinawo ali ndi zonse zofunika, kuphatikizapo kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ntchito ili mkati magetsi anathima, ndipo batire, lomwe linali litafooka kale, silinapirire ngakhale mphindi khumi. Kuyambira pamenepo laputopuyo inkangoyaka, kuonetsa mawu akuti Automatic Repair, kenako n'kuyambiranso yokha.

Ndinapita nayo ku kashopu kena kokonza makompyuta ku Limbe, ndipo chomwe chandichititsa kulemba ndemangayi ndi funso loyamba lomwe bambo wokonzayo anandifunsa. Asanatchule n'komwe za mtengo, anafuna kudziwa ngati mafayilo anga ndinawasunganso kwina. Nditayankha kuti ayi, anati: "Achimwene, ndiye sitifufuta kanthu mpaka titawapulumutsa." Ambiri tikudziwa okonza ena amene amangothamangira kufomata, mwini wake n'kudzazindikira mochedwa kuti zithunzi za ukwati ndi malipoti a kuntchito zapita mosabwerera.

Anayatsa makinawo pogwiritsa ntchito flash, koma anapeza kuti disiki ndi yokhomedwa ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows yotetezera mafayilo kuti ena asawatsegule. Apa ndi pamene anandigometsa kwambiri, chifukwa m'malo mondipempha pasiwedi, anandilangiza kuti ndilowe ndekha mu akaunti yanga ya Microsoft pa foni ndi kumuwerengera kiyi ya manambala 48 yotsegulira disikiyo. Atakopera zonse mu hard drive yomwe ndinabwera nayo, anandipempha kuti nditsegule mafayilo angapo ndione ndi maso anga kuti ali bwino. Kenako anayesa kubwezera Windows 10, nandifotokozera kuti kompyuta imasunga dongosolo lakale mu foda ya Windows.old kwa masiku 10, koma njirayi inakanika popeza ntchito ija inadukira pakati. Chotsala chinali kuika Windows 11 mwatsopano kuchokera pa flash yokonzedwa ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool, laputopu italumikizidwa ku inveta kuti vuto la magetsi lisabwerezeke. Itangolowa pa intaneti, laisensi yanga yakale inadzitsimikiza yokha, motero sanandiikire mapulogalamu akuba, ndipo mtengo womwe tinagwirizana poyamba sunasinthe.

Pali zina zomwe sizinandisangalatse. Anandilonjeza kuti ndikatenge mawa lake, koma zinatenga masiku atatu, ndipo pa masiku onsewo sanaimbe foni ngakhale kamodzi. Ine ndi amene ndinkawasakasaka, chikhalirecho laputopuyo ndi imene ndimadyera. Nditafika nayo kunyumba ndinapezanso kuti siikutulutsa mawu chifukwa driver yake (kapulogalamu koyendetsa mawu) sanaiike, choncho ndinalipiranso minibasi kubwerera ku Limbe pa chinthu chomwe akanachiona akanayesa makinawo asanandipatse. Risiti nayonso anandilembera nditachita kuumirira.

Ngakhale zili choncho, palibe fayilo ngakhale imodzi yomwe inasowa. Anandiuza mosabisa kuti gwero la vutoli ndi batire, koma sanandikakamize kugula pompo, ndipo mwezi ukatha ndidzapita konko kuti akandisinthire.