Ndemanga: buku la nthano za ana opita kumudzi koyamba

Bukuli ndinagula miyezi iwiri yapitayo kwa mayi wina amene amabwera ndi katundu pa basi kuchokera ku Blantyre. Tinakumana pa Roadport, siteji ya mabasi kuno ku Harare, ndinapereka madola 8. Muli nthano zisanu zazifupi, zonse za ana okulira kunja amene akukaona kwawo koyamba.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7, anabadwira konkuno ku Highfield. Chichewa amamva, koma ukamufunsa kanthu amayankha m'Chishona. Nthano yachiwiri ndi imene yamugwira mtima. Kamtsikana kafika kwa agogo ake ku Dedza, kaona mlongo wa mayi ake n'kumutcha "sekuru" mwa Chishona, anthu pabwalo phwa! kuseka. Agogo akukakhazika pamphasa n'kukauza kuti amenewo ndi amalume, ndipo kwa Achewa ndiwo eni mbumba. Mwana wanga anatseka bukulo n'kundifunsa, "Amama, ndiye kuti inenso ndili m'mbumba ya amalume?" Tinacheza mpaka tulo, ndikumufotokozera kuti anzake Achishona amatsata mtundu wa bambo, pomwe kwathu ana amawerengedwa kuchikazi. Zimenezi ndinali ndisanamuuzepo, ndinkasowa poyambira.

Wolembayo njira amaidziwa. Basi ikuima pa Nyamapanda, ana akusuzumira pawindo powoloka mlatho wa Zambezi ku Tete, thukuta lili kamukamu. Ndakondanso kuti sakunyoza mbali iliyonse. Kamtsikanako kakupeza kuti nsima ndi sadza yomwe ija, thobwa n'chimodzimodzi maheu, ndipo kakuphunzitsa asuweni ake kuwomba m'manja mwa Chishona pothokoza.

Zodandaulitsa zilipo. Anamata ndi guluu wosalimba, pofika sabata yachitatu masamba apakati anayamba kuthothoka, moti ndinachita kusoka ndi singano ndi ulusi. Komanso mawu ngati nkhokwe, mtondo ndi chiwongo sanawamasulire paliponse, pomwe mwana wa m'tauni muno sanazionepo zinthuzi. Tsamba limodzi kumapeto likanakwana.

Chimandipweteka n'chakuti malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma ine ndazungulira masitolo a mabuku m'tauni osapeza nthano ya ana m'chilankhulo chathu, mpaka kudalira basi.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Makolo anzanga a ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, mukalipeza gulani, koma musoke msana wake musanapatse ana. Lathu lalowa kale m'chikwama, tikupita nalo kumudzi mu Disembala.