Oyenda mu Ambulansi: Kulemba Ophunzira Kale Kapena Kuphunzitsa a Konkuno?

Chipatala chikafuna anthu oyenda mu ambulansi, njira yachidule ndiyo kulemba ntchito anamwino ndi ma clinical officer amene anatsiriza kale maphunziro awo, monga momwe boma la Zambia linachitira mu 2022 polemba antchito a zaumoyo oposa 11,000. Amenewa amatha kuika diripu ndi kuletsa magazi kuyambira tsiku loyamba, ndipo basi ikagubuduzika m'mapiri a ku Nyimba, luso lotere ndilo limapulumutsa anthu. Vuto ndi lakuti ena mwa iwo, makamaka ozolowera moyo wa mu Lusaka, sachedwa kupempha kusamutsidwa.

Kuphunzitsa achinyamata a m'deralo kumadya nthawi ndi ndalama, koma ine mtima wanga uli kumeneku. Wobadwira ku Chadiza kapena ku Mambwe amadziwa mtsinje umene umasefukira m'dzinja ndi njira youlambalala, ndipo akafika pakhomo pakati pa usiku amagwada ndi kulankhula mwaulemu ndi apongozi amene akukayika kulola mayi wapakati kupita ku Chipata Central Hospital. Komabe m'miyezi yoyambirira wotereyu sayenera kusiyidwa yekha ndi wodwala kumbuyo kwa galimoto.