Ancestry, American Ancestors kapena FamilySearch: potsata makolo a ku America a nthawi ya atsamunda, ndalama muponye pati?

Amene akuyamba kumene kutsata mzere wa makolo a banja la ku America amakonda kufunsa kuti webusaiti yabwino kuposa zonse ndi iti. Musanayankhidwe, nenani kaye zinthu ziwiri: banjalo linkakhala dera liti, ndipo mwatsakamira pa zaka ziti. Kuchoka kwa munthu wamoyo lero kukafika kwa kholo limene linatsika chombo m'zaka za m'ma 1600 pamakhala mibadwo yoposa 10, ndipo palibe webusaiti imene ili ndi mphamvu pa mibadwo yonseyo. Ancestry imalimba kumunsi, kufupi ndi ife. American Ancestors imalimba kumtunda, kwa makolo oyambirira. Koma mizere yambiri imadukira pakati, cha m'ma 1750 mpaka 1850, ndipo pamenepo wothandiza kwambiri ndi FamilySearch, imene siilipiritsa ngakhale khobidi.

Titenge banja limodzi lodziwika kuti tiyesere zonse zitatu. John Howland anafika ku Plymouth mu 1620 pa chombo cha Mayflower, chimene chinanyamula anthu 102. Ndi uja anagwera m'nyanja pa nthawi ya namondwe n'kupulumuka atagwira chingwe. Anakwatira Elizabeth Tilley, mtsikana amene makolo ake anamwalira m'nyengo yozizira yoyambayo, ndipo anabereka ana 10. Mbumba yawo ndi yaikulu zedi, Franklin D. Roosevelt ndi George W. Bush ali momwemo. Ndiye tinene kuti m'banja la akazi anu kapena amuna anu muli mbiri yakuti "ife ndife a kwa Howland", ndipo mukufuna kudziwa ngati n'zoona.

Muyambira pansi, ndipo apa Ancestry imathamanga kuposa anzake. Kalembera wa boma la America amachitika zaka 10 zilizonse kuyambira 1790, ndipo mayina amatulutsidwa pakapita zaka 72; wa 1950 anatuluka mu 2022. Kuchoka 1950 kubwerera mpaka 1850 mumayenda ngati pa tala, kupatula 1890, amene pafupifupi yense anawonongeka ndi moto wa mu 1921 ku Washington. Kalemberayu alinso pa FamilySearch kwaulere, koma makina ofufuzira a Ancestry ndi ochenjera: dzina likalembedwa mokhota amaligwirabe, ndipo amakulozerani zikalata zina za munthu yemweyo. Kampani yomweyi ndi mwini wa Newspapers.com, Fold3 ndi Find a Grave, choncho zidziwitso za maliro m'nyuzipepala, mafayilo a asilikali ndi zithunzi za ziliza zimabwera pafupi, ngakhale ziwiri zoyambazo zimafuna ndalama ina kapena mulingo wapamwamba wa malipiro.

Vuto la Ancestry ndi katsamba kobiriwira, kachizindikiro kosonyeza kuti makina ake akupezerani kanthu. Kakagwedezeka pa dzina la kholo lanu, kawirikawiri kamakutengerani ku mitengo ya mabanja imene anthu ena anadzipangira okha, ndipo palibe amene amaiyendera. Mtengo umodzi wolakwika ukakopedwa ndi anthu 300, watsopano amaona ngati mboni ndi 300, pamene mboni ndi imodzi, yabodzanso. Pa mibadwo ya nthawi ya atsamunda zimenezi zimafika poipa. Mumapeza mayi akubereka ali ndi zaka 70, mwana akubadwa bambo atamwalira kalekale, ndiponso banja la alimi a ku Cape Cod litamangirizidwa kwa mfumu ya ku England. Mabodza ena si a dzulo ayi. Gustave Anjou, amene anamwalira mu 1942, ankagulitsa mizere yopeka kwa mabanja olemera a ku America, ndipo zopeka zakezo zikuyendabe m'mitengo ya pa intaneti. Kwa ine, mitengo ya pa Ancestry ndi yoti muonepo kumene mungakafufuze, osati yoti mukope.

Tidumphire kumtunda. American Ancestors ndi webusaiti ya New England Historic Genealogical Society, bungwe la ku Boston limene linakhazikitsidwa mu 1845 ndipo lakhala likusindikiza magazini yake ya kafukufuku kuyambira 1847. Maonekedwe ake ndi ouma, ndipo kufufuzamo kumafuna kuzolowera. Chimene mumagula kumeneko ndi ntchito yosefedwa kale ndi akatswiri. Pali kafukufuku wa Great Migration, amene Robert Charles Anderson anayambitsa mu 1988, wotsata mmodzimmodzi anthu amene anafika ku New England pakati pa 1620 ndi 1640, mfundo iliyonse ili ndi gwero lake. Palinso zochokera m'mabuku amene ofufuza amangowatchula kuti Silver Books, a bungwe la General Society of Mayflower Descendants, otsata mbumba ya a pa Mayflower mibadwo isanu. Tanthauzo lake n'lakuti kwa Howland simukufunika kufufuza nokha kukafika 1620. Mukangolumikiza kholo lanu kwa munthu wa m'badwo wachisanu, wobadwa cha m'ma 1700, kumtunda konse kunakonzedwa kale.

Kusefa kotereku kufunika kwake kumaoneka pa nkhani ya mkazi wa Howland yemweyo. Kwa zaka zambiri mbumba yake inkakhulupirira kuti Howland anakwatira mwana wa bwanamkubwa John Carver, mpaka zinalembedwa pa chiliza chimene anamuikira ku manda a Burial Hill ku Plymouth m'zaka za m'ma 1800. Zolemba pamanja za bwanamkubwa William Bradford zitapezeka mu laibulale ya bishopu wa ku London n'kusindikizidwa mu 1856, zinadziwika kuti mkaziyo anali wa kwa Tilley. Mwala wina unaikidwa mu 1897. Ndiye mukaona chithunzi cha chiliza pa Find a Grave, dzifunseni kuti mwalawo unasemedwa liti, ndi ndani. Find a Grave ndi yabwino pa manda a m'ma 1800 ndi 1900; pa a m'ma 1600 masamba ake ambiri alibe ngakhale manda enieni, ndi zokopa chabe.

New England ndi dera lamwayi chifukwa matauni ankalemba. Ku Massachusetts Bay lamulo loti kubadwa, ukwati ndi imfa zizilowa m'kaundula linabwera mu 1639, ndipo makaundula a matauni ambiri mpaka chaka cha 1850 anasindikizidwa m'mabuku. Ku Connecticut kuli Barbour Collection, mndandanda wa zolembedwa m'makaundula a matauni a kumeneko. Zambiri mwa izi zimapezeka pa mawebusaiti onse atatu, choncho musalipire American Ancestors chifukwa cha izo zokha. Chenjezo limodzi powerenga: chaka cha 1752 chisanafike, chaka chatsopano ku England ndi m'madera ake chinkayamba pa 25 Malichi. N'chifukwa chake imfa ya Howland imalembedwa Febuluwale 1672/3. Mtengo wina ukanena 1672, wina 1673, si anthu awiri. Koma ana awiri a dzina limodzi m'nyumba imodzi n'zotheka ndithu, poti mwana akamwalira ali wamng'ono dzina lake linkapatsidwa kwa wotsatira, ndipo makina a Ancestry amakonda kuwaphatikiza.

Tsopano pakati paja. Nkhondo yomenyera ufulu itatha mu 1783, mabanja ankanyamuka ku Massachusetts ndi Connecticut kupita ku Vermont, kumadzulo kwa New York, kenako Ohio. Kupatula Vermont, kumene ankapitako kunalibe mwambo wa kaundula wa tauni. Ku New York boma linayamba kulemba kubadwa ndi imfa cha m'ma 1880. Ku Ohio ma county, amene ndi maboma aang'ono, anayamba mu 1867. Kalembera naye sathandiza kwenikweni: kuyambira 1790 mpaka 1840 ankalemba dzina la mutu wa banja lokha, ena onse n'kungokhala manambala. Wa 1850 amatchula aliyense amene sanali kapolo, koma sanena kuti uyu ndi mwana kapena mphwake wa mwini nyumba. Zimenezo zinayamba mu 1880. Choncho muli ndi munthu ku Ohio mu 1850, wazaka 60, wolembedwa kuti anabadwira ku Massachusetts, ndipo ku Massachusetts kuli ana anayi a dzina lomwelo obadwa zaka zimenezo. Wanu ndi uti?

Yankho limakhala m'zikalata za malo ndi m'mafayilo a chuma cha masiye. Wilo amatchula ana, nthawi zina ndi kumene akukhala. Munthu akamwalira wopanda wilo, khoti linkagawa malo ndi kulemba olandira onse, ana aakazi ndi mayina a amuna awo. Chikalata chokoma kwambiri ndi chija mwana amene ali ku Ohio akugulitsa kwa mchimwene wake gawo lake la munda wa malemu bambo awo ku Massachusetts: pepala limodzi lamanga madera awiri ndi mibadwo iwiri. Komanso m'madera ambiri mwamuna akamagulitsa malo, mkazi ankayenera kuvomera kusiya gawo lake laumasiye, choncho dzina lake limaoneka pansi.

Mapepala amenewa anajambulidwa ndi a mpingo wa Latter-day Saints, eni ake a FamilySearch, amene bungwe lawo la zamakolo linayamba mu 1894 ndipo linayamba kujambula pa microfilm mu 1938. Mu 2021 anamaliza kusamutsira pa kompyuta mafilimu 2.4 miliyoni. Ngakhale zithunzi zambiri za mawilo zimene mumalipira pa Ancestry zinachokera m'mafilimu omwewa. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti gawo lalikulu la chumachi silituluka mukalemba dzina pa tsamba loyamba. Lowani mu Catalog ya FamilySearch, mndandanda wa mabuku amene ali nawo, lembani dzina la county kapena tauni, mutsegule mabukuwo nokha. Dziwaninso kumene zinkasungidwa: ku Massachusetts zikalata za malo zili ku county, pamene ku Connecticut, Rhode Island ndi Vermont zili ku tauni. Kuyambira 2024 pabwera chida chofufuzira mawu m'zolemba pamanja, chimene chimagwira dzina ngakhale la mboni kapena la mwini munda woyandikana nawo. Chimalakwitsa pa zolemba zakale kwambiri, koma ntchito ya masabata chimaidula kukhala ya madzulo amodzi.

FamilySearch nayo ili ndi minga yake. Zithunzi zina n'zokhoma, zimatseguka pokhapokha muli pa malo awo ofufuzira kapena mu laibulale yogwirizana nawo. Mtengo wawo ndi umodzi wa dziko lonse, uli ngati dimba lopanda mpanda: aliyense amalowamo ndi khasu lake, ndipo zimene mwakonza lero mawa mupeza wina wazula. Sungani ntchito yanu pa kompyuta yanu. WikiTree nayo ndi mtengo umodzi waulere, koma ili ndi mwambo. Salola munthu kukhudza anthu obadwa chisanafike 1700 asanaonetse kuti akudziwa kutchula magwero, ndipo pa mabanja a New England ndimaikhulupirira kuposa mtengo wa FamilySearch. Ndipo pali zimene palibe webusaiti ingabweze: mu 1827 moto unapsereza pafupifupi mabuku onse a zikalata za malo a Barnstable County, kumene ana aakazi a Howland, Desire ndi Hope, anakwatiwa kwa Gorham ndi Chipman. Mwayi wake, za chuma cha masiye zinapulumuka.

Ngati kholo lanulo linamenya nawo nkhondo ya ufulu, funani fayilo yake ya penshoni. Malamulo a 1818 ndi 1832 anachititsa nkhalamba zambiri kukafotokoza kukhoti kumene zinabadwira ndi kumene zasamukira, ndipo kuyambira 1836 akazi amasiye ankatumiza umboni wa ukwati, ena mpaka kung'amba tsamba la m'Baibulo la banja lolembedwa mayina a ana. Fold3 ili nazo mwadongosolo labwino, koma National Archives inaziikanso pa intaneti kwaulere.

Zonsezi ndi za kumpoto. Banja likakhala la ku Virginia, ndalama ya American Ancestors isungeni. Kumeneko makaundula ambiri a matchalitchi anatayika, kalembera wa 1790 kulibe, ndipo ma county ena monga Hanover, New Kent ndi Gloucester anataya mabuku awo ochuluka, ena pa moto wa ku Richmond mu Epulo 1865. Zothandiza ndi mindandanda ya msonkho ya chaka ndi chaka kuyambira 1782, imene ili pa FamilySearch, ndi milandu ya chancery, monga ya mikangano ya chuma ndi malo, imene Library of Virginia inaika poyera kwaulere. Abale akakanganirana chuma cha masiye, khoti linkalemba mtundu wonse.

M'mapepala omwewa ndi mmene muli makolo a anthu akuda a ku America, olembedwa dzina loyamba lokha pa mndandanda wa katundu, pambali pa mtengo wake. Kalembera woyamba kutchula mayina a amene anali akapolo ndi wa 1870. Kuti mubwerere kuseri kwake muyenera kudziwa banja limene linkawasunga, n'kutsata mawilo ake, pokumbukira lamulo la Virginia la 1662 lakuti mwana amatsata mkhalidwe wa mayi. Zolemba za Freedmen's Bureau, nthambi ya boma yothandiza akapolo omasulidwa, za 1865 mpaka 1872 n'zaulere pa FamilySearch, ndipo American Ancestors inayambitsa ntchito ya 10 Million Names, yofufuza mayina a anthu amene anali akapolo, mu 2023.

Nanga DNA? Kuyeza kwa AncestryDNA n'kothandiza pa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo kungatsimikize mbali ya pakati paja ngati mwapeza abale ochokera kwa ana osiyana a kholo limodzi. Kupitirira apo kumafooka: pa m'badwo wa 10 muli ndi malo a makolo 1,024, ndipo ambiri mwa iwo sanakusiyireni kalikonse koyezeka. ThruLines, chida cha Ancestry cholozera makolo amene mungakhale mukugawana ndi ena oyezedwa, ikakuonetsani Howland, dziwani kuti yawerenga mitengo ya anthu ija, osati malovu anu. Kumene DNA imafika m'ma 1600 ndi pa Y-DNA ya FamilyTreeDNA, yotsata mzere wa amuna okhaokha. Koma John anali ndi abale ake awiri, Henry ndi Arthur, amene anabwera ku Plymouth pambuyo pake, osati pa Mayflower. Kuyeza wamba kwa Y kungakuuzeni kuti ndinudi a kwa Howland, koma kusiyanitsa John ndi abale akewo kudzafunabe wilo ndi chikalata cha malo.