Kashopu kotayipa komwe ndinapititsako mbiri ya moyo wanga

Ndinayamba kulemba mbiri ya moyo wanga mu kope lija la chikuto cholimba, koma miyezi iwiri yathunthu ndinangoima pa "ndinabadwira ku Ntcheu" basi, mutu gwa. Zinayamba kuyenda nditasiya zoyambira kubadwazo n'kulumphira pa njala ya 2002, tsiku lomwe amayi anatiphikira nsima ya gaga n'kunama kuti iwo adya kale kukhitchini. Kuchoka pamenepo cholembera sichinapumenso.

Kope litadzaza ndinapita nalo pa kashopu kena pafupi ndi msika ku Zomba, kaja amatayipa ma CV, kujambula ziphaso ndi kupanga fotokope. Amatchaja pa peji, ndipo mukabweretsa zambiri mumatha kunenerera.

Mtsikana amene amatayipayo ndiye wandipangitsa kulemba izi. Dzanja langa ndi loipa, aphunzitsi anga ankati ngati padutsa nkhuku, koma iye salota, akakanika kuwerenga amajambula mzerewo n'kunditumizira pa WhatsApp. Chichewa amachidziwa, kompyuta imayika timizere tofiira pansi pa mawu onse koma iye sazitengera, ndipo ka ŵ kaja ka mu Malaŵi anachita kukafufuza poti ine ndimakalemba choncho. Tsiku lina ndikukatenga mapepala anandifunsa kuti, "Amayi, nanga achimwene anu aja anapita kukasuma ku Mozambique anabwerako? Pano mwangowasiya m'njira." Ndinachita kukhala pansi. Ndinawadumphadi, mwina dala, ndipo chaputala chimenecho ndachilemba chifukwa cha funso lakelo.

Koma zina zinandinyansa. Kashopuko n'kopanikiza, sikirini yayang'ana kukhomo, aliyense wodikira fotokope amangowerenga nawo, ndinapeza bambo wina akumwetulira pa nkhani ya banja langa loyamba, eeh manyazi ake. Magetsi akazima ntchito yaima, jenereta alibe, ndiye zomwe ananena kuti sabata imodzi zinatenga masabata atatu. Komanso poyamba anangondipatsa PDF, yomwe sungakonzemo bwinobwino, mpaka ndinabwerera kukapempha ya Word pa fulashi yanga.

Ngati mukuyamba kumene ndipo laputopu mulibe, pitani, ndalama yake siyopweteka. Kungoti mayina a abale musinthiretu mu kopemo musanapereke, manambala a mapeji mulembe nokha, ndipo muzipereka pang'onopang'ono osati kope lonse, ine ndinagona masiku angapo mtima uli m'mwamba poganiza kuti likasowa ndiye zaka zonse zija zapita. Ndikupitanso mwezi wamawa ndi kope lachiwiri, koma ndamuuza kuti sikirini ija atembenuzire kukhoma.