Kabuku ka mawu a chiwerengero cha anthu kamulakwitsa mayeso mwana wanga

Nyenyezi ziwiri basi.

Kabuku kaja ka mawu a Chingerezi a population, kamene ana a Folomu 4 akuthamangira m'mashopu a pafupi ndi depoti, ndinagulira mwana wanga pa K8,000. Geography amaimva, chimamuvuta ndi Chingerezi cha mafunso. Ndiye analoweza tsamba ndi tsamba, magetsi akazima ankawerengera tochi ya foni.

Pa mayeso a mock anafunsidwa tanthauzo la birth rate. Iye n'kulemba ndendende zam'kabukumo, kuti ndi nambala ya ana amene mayi mmodzi amabereka pa moyo wake. Aphunzitsi anathetha, mamalikisi onse a funsolo n'kupita. Imeneyotu ndi fertility rate, imene kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti kuno ndi 4.4. Birth rate ndi ana obadwa amoyo pa anthu 1,000 alionse m'chaka chimodzi. Wolembayo anazisinthanitsa, ndipo mwana analira chifukwa cha chinthu chimene anachiwerenga mokhulupirika.

Ndinabwerera ku shopuko ndi pepala la mayesolo m'manja. Sindinkafuna n'komwe ndalama, ndinkafuna achenjeze makolo anzanga. Mnyamata wa pakauntala, maso ali pa foni, anangoti, "Mayi, ife timangogulitsa, katundu akatuluka sabwerera." Ngakhale kabukuko sanakatsegule. Ndili chiimire pomwepo anagulitsa kena kwa bambo wina, osatchula kanthu. Chimenechi ndiye chikundiwawabe mpaka lero.

Komatu ndisanamizire, si konse koipa. Mbali ya census (kalembera wa anthu) ndi population density (kuchuluka kwa anthu pa sikweya kilomita) yalembedwa bwino, ndi manambala athu omwe: anthu 17,563,749 pa kalembera wa 2018, anthu 186 pa sikweya kilomita, Mzuzu 221,272. Pa emigration ndi immigration apereka chitsanzo cha anyamata a ku Mzimba opita ku Joni, kuti kwa ife atuluka pomwe kwa eni dziko alowa, ndipo mwana anamva tsiku lomwelo. Rural-urban migration, kusamuka kwa anthu kuchoka kumudzi kupita m'tauni, nayo sinamuvute, poti amaona yekha mmene Chibavi ndi Mchengautuwa ku Mzuzu zikudzazira.

Amene mwagula kale, pitani nako kwa aphunzitsi aone matanthauzo onse mwana asanayambe kuloweza, MSCE isanafike. Ine pa shopu ija sindigulanso ngakhale pensulo.