Vinyl yomata m'kati mwa galimoto: zomwe ndaona patatha miyezi 8 pa dzuwa la ku Salima

Ndadikira dala kuti dzuwa la Okutobala ndi Novembala lidutse, mvula nayo igwe, ndisanalembe ndemangayi. Chinthu chogwira ndi guluu sungachiyamikire tsiku lomwe wachimata, makamaka kuno ku Salima kumene galimoto ikangokhala panja ola limodzi masana, chiongolero chimaotcha m'manja. Vinyl, pulasitiki yopyapyala yokhala ndi guluu kumbuyo, ndinaimata m'kati mwa galimoto yanga mu Juni, pano tili mu Febuluwale, ndiye ndikhoza kulankhula.

Galimoto yake ndi Toyota Sienta yakale, ya zija zimabwera kuchokera ku Japan zitayendako kale. Ndimanyamula anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, ndipo ikapezeka hayala ndimafika ku Nkhotakota kudzera msewu wa M5. Injini ilibe vuto, koma m'kati munali mutatopa. Pulasitiki yasiliva yozungulira wailesi ndi giya inali itakalikakalika ndi makiyi, zikhadabo ndi ndalama zachitsulo, ndipo pa mabatani a mawindo utoto unali utasupuka, kwatsala zigamba. Wokwera saona injini. Amaona pamene maso ake agwera akangokhala pampando. Kupopera penti ndinakuganizirako, koma ndaonapo galimoto za anzanga penti ija itayamba kutekeseka, ndipo ukalakwitsa palibe kubwerera. Vinyl ikakukana umangomatula.

Ndinagula mitundu iwiri tsiku limodzi ku Lilongwe, ndipo ndemanga yonseyi yagona pa kusiyana kwake. Yoyamba ndinaipeza mu shopu ina yogulitsa zokongoletsera galimoto: yakuda, yonyezimira waliwali, ya mizere yolukana ija amaitcha carbon 5D. Mpukutu wake unali wa mamita 1.52 m'lifupi, monga imakhalira yambiri, ndipo ndinadulitsa mamita awiri. Pepala la kumbuyo linalibe dzina la kampani iliyonse, timabokosi toyezera basi. Wogulitsa anati, "Bwana, iyi simatuka, tengani." Yachiwiri ndinaigula kwa mnyamata wina amene amamata stika pa galimoto za makampani. Anali ndi zidutswa zotsala za 3M 2080, yakuda yosanyezimira kwambiri imene amaitcha satin. Zidutswazo pamodzi sizinakwane mita imodzi, koma mtengo wake unaposa wa mamita awiri aja. Ndinadandaula, iye n'kundiuza kuti, "Achimwene, mudzandikumbukira mu Okutobala."

Ndi mnyamatayo amene anandifotokozera chinthu chimene ndikanakonda aliyense achidziwe asanatulutse ndalama. Vinyl ilipo ya mitundu iwiri malinga ndi kapangidwe kake. Ina amaitcha calendered: pulasitiki yake amaipsinja ndi kuikoka pakati pa zitsulo zogubuduka mpaka ipyapyale, monga mayi amafutukulira mtanda wa chapati. Mtanda wotere ukausiya umabwerera pang'ono, ndipo vinyl iyi ikamva kutentha imachitanso chimodzimodzi, imafuna kubwerera kumene inachokera. Ina amaitcha cast: amathira pulasitiki yamadzimadzi pa pepala losalala n'kuiumitsa mu uvuni, ngati dzira lothiridwa pa chiwaya. Poti sinakokedwe, ilibe kobwerera kwenikweni, ndipo imapindika mosavuta m'makona. 3M 2080, Avery Dennison SW900 ndi Oracal 970 zonse ndi za cast. Zotchipa zambiri zopanda dzina ndi za mtundu woyamba uja. Kumadera kozizira ngati ku Dedza kusiyanaku mwina kumachedwa kuoneka. Kuno kunyanja, kumene pamwamba pa dashibodi ya galimoto yotsekedwa pamatha kufika madigiri 70, kumaoneka chaka chisanathe.

Zida sizinandidyere zambiri. Heat gun, chida chopemerera mpweya wotentha, ndi kachipangizo koyezera kutentha kolozera patali ndinabwereka kwa alamu anga amene amagwira ntchito zamagetsi. Ndinagula kampeni kothyola nsonga, sandipepala wosalala wa nambala 600, ndi isopropyl alcohol ku famase. Sipiliti wa pepo uja ndinamusiya chifukwa ali ndi utoto. Chosalazira ndinapanga ndekha, khadi lakale la ku banki lokulungidwa ndi kansalu kofewa. Chimene ndinalakwitsa n'kusagula timapulasitiki totsegulira mapanelo. Ndinalowetsa sikuludiraiva, ndipo timakilipi tiwiri ta paneli ya giya tinathyoka, m'mbali n'kutsalanso chipsera. Pa zida zonse, musaumire pa chimenechi.

Musanachotse paneli iliyonse yokhala ndi mawaya, masulani batire mbali ya negetivu, mudikire masekondi 90 monga mabuku a Toyota amanenera, kuti mphamvu yotsalira ya ma airbag, matumba a mpweya ofufuma pa ngozi, ithe. Mapulagi achikasu ndi a airbag, asiyeni momwe alili. Ndipo paliponse pamene palembedwa SRS AIRBAG, kaya pakati pa chiongolero kaya kutsogolo kwa wokwera, pasapite vinyl ngakhale kachidutswa. Malo amenewo anapangidwa kuti ang'ambike pa ngozi. Ndaonapo taxi ina itamatidwa stika dashibodi yonse mpaka pamenepo, ndipo zinandipweteka mtima, chifukwa pampando umenewo pamakhala amayi atanyamula mwana.

Tsiku loyamba linapita pachabe, ndipo vuto silinali vinyl. Ndinapukuta kapaneli kamodzi ndi alcohol kamodzi kokha, n'kumata, ndipo kutacha m'mbali monse munali mutadzuka. Chifukwa chake ndi polishi uja anyamata otsuka galimoto amapaka kuti dashibodi iwale. Muli silikoni, ndipo guluu sagwira pa silikoni. Zaka zonse zija polishi analowerera m'timing'alu tonse. Ndinayambiranso: kutsuka ndi sopo wotsukira mbale, kuumitsa, kupukuta ndi alcohol katatu ndi nsalu yatsopano nthawi iliyonse, mpaka chala chikamadutsapo pazilira kuti tswii. Kumbuyo kwa paneli nakonso n'kofunika kutsuka, pakuti n'kumene vinyl imakagwira mukaipinda. Zokalika zozama ndinazisalaza ndi sandipepala. Vinyl ndi yopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndiye siibisa chilichonse. Kamzere kamene chikhadabo chikukamva kadzaonekera pamwamba.

Ndinasankha Juni poti kunja kumakhala kozizirirako, guluu sathamanga kugwira. Chimene sindinaganizire ndi mwera. Ndinayamba ntchito pakhonde, ndipo nditangosenda pepala la kumbuyo, mphepo inabweretsa mchenga n'kuumwaza pa guluu. Kamchenga kamodzi pansi pa vinyl kamaoneka ngati chiphuphu pamphumi, ndipo sikachoka. Tinasamukira pabalaza, mawindo otseka, simenti titaiwaza madzi, tebulo lodyera titaliyala chitenje choyera.

Paneli yozungulira wailesi ndi imene inandionetsa ubwino wa satin ija. Ili ndi makona anayi okhota ndi mabowo awiri otulukira mphepo. Mayi a kunyumba anagwira vinyl mbali ziwiri atayikunga pang'ono m'mwamba, ine n'kuyamba kusalaza kuchokera pakati kupita kunja. Guluu wake sagwira mpaka utakanikiza, ndiye nditaona kuti yakhota ndinati, "Mayi, tanyamulaniko pang'ono," n'kuidzutsa, n'kuikhazikanso bwino osang'ambika. Kumbuyo kwake kuli timisewu ting'onoting'ono totulutsira mpweya, moti thuza likatsala umangolitsata ndi chala, n'kuphwa. Pofika pa kona ndinaiomba heat gun kwa kanthawi kochepa, ndili patali ngati kutalika kwa chikhato. Imangofewa mwadzidzidzi, makwinya onse n'kuzimiririka, kukhala ngati nsalu yonyowa. Nthawi imeneyo ndiyo yoikokera pang'onopang'ono ndi manja awiri kuzungulira kona, osati ndi nsonga za zala pamalo amodzi. Ndinasiya sentimita imodzi m'mbali monse, n'kudula timipata m'makona, n'kupindira kumbuyo. Pa mabowo a mphepo ndinacheka pakati, kusiya mlomo, kuutenthetsa n'kuupindira m'kati. Paneli imodziyo inanditengera maola awiri.

Carbon yotchipa ija inali nkhani ina. Ndi yokhuthala, youma, ndipo guluu wake amangoti akhudza, wagwira. Ukaidzutsa imatanuka n'kusiya mzere. Pa kona imafuna moto wambiri, ndipo ukaikoka mizere yolukana ija imapotoka, pena pake n'kuyera mbuu. Pamalo athyathyathya, monga pa mabatani a mawindo, inagona bwino ndipo tsiku loyambalo inkaoneka yokongola kuposa satin. Ndiyenera kunena zoona pamenepo: okwera ankaigwiragwira n'kumafunsa kuti ndaipeza kuti. Muzingoonetsetsa kuti mizere yake yaloza mbali imodzi pa zitseko zonse, apo ayi diso limaona msanga.

Pali sitepe yomaliza imene ambiri amaidumpha. Mukamaliza kumata, paliponse pamene munakoka kapena kupinda pamafunika kutenthetsedwanso kufika madigiri pafupifupi 90, kuti vinyl iiwale mmene inalili poyamba n'kukhazikika mmene mwaiikiramo. Dilaya ya ku saluni imatha kuifewetsa pomata, koma siifika kutentha kumeneko. Alamu anga ankaloza kachipangizo kaja n'kumawerenga manambala, ine ndikuyendetsa heat gun mosaimitsa pamalo amodzi kuopa kusungunula paneli, kenako n'kukanikiza ndi chala chokutidwa ndi nsalu. Mapaneli ndinawasiya m'nyumba usiku wonse ndisanawabwezere.

Tsopano zimene Okutobala anaweruza. Satin ya pa wailesi ndi pa giya ili momwe ndinaisiyira. Palibe kona yadzuka, sinasuluke, ndipo pa giya pamene dzanja limakhudza tsiku lonse pangowala pang'ono. Ndimapukuta ndi nsalu yonyowa basi, ndipo anyamata otsuka ndinawauza kuti polishi asamafikepo. Fumbi la msewu wa ku Lifuwu limachoka ndi kupukuta kumodzi.

Carbon inayamba kuvuta m'malo olowa. M'kabowo koikamo botolo inadzuka n'kukungika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo nditaibwezera ndi moto inangokhala masiku atatu. Pa mabatani a mawindo ikadagwirabe, koma yabwerera m'mbali ngati milimita imodzi kapena awiri, n'kusiya mzere wa guluu womata umene fumbi limakakamirapo, wakuda bii. Galimoto ikakhala yotseka padzuwa, m'kati munkamveka kafungo ka pulasitiki, ndipo kameneka kanatha patapita miyezi.

Chimene ndikudandaula nacho kwambiri ndi kachidutswa ka carbon kamene ndinamata pamwamba pa dashibodi, pa pulasitiki ija yokhakhala ngati khungu la lalanje. Choyamba, sinagwire. Pamalo okhakhala guluu amangokhudza timitu tokha, pansi pake n'kutsala mpweya. Komanso pulasitiki si imodzi. Mukatembenuza paneli, kumbuyo kwake kumakhala zilembo zodinda: yolembedwa ABS imagwira guluu bwino, yolembedwa PP imamukana. Alipo mankhwala othandizira kugwira, monga Primer 94, koma amachititsa kuti pomatula pakhale ntchito, ndiye ndi oyenera m'mbali ndi m'makona mokha. Chachiwiri, ndipo ichi n'choopsa, kunyezimira kuja kunkaonekera pa galasi la kutsogolo. Popita ku Senga Bay m'mawa umayang'anana ndi dzuwa, ndipo tsiku lina mizere ya carbon inadzaza galasi mbali ya kumanzere moti wakabaza amene anali m'mphepete mwa msewu ndinamuona mochedwa. Palibe chinachitika, koma madzulo omwewo ndinamatula. Vinyl inachoka, guluu n'kutsala yense, ndipo kumuchotsa ndi alcohol kunandidyera Loweruka lathunthu. Pamwamba pa dashibodi musaikepo chonyezimira chilichonse.

Pa nyenyezi zisanu, satin ya cast ndikuipatsa zonse zisanu pa mapaneli osalala a ABS. Ndi yodula, koma m'kati mwa galimoto simufuna yambiri, ndipo omata stika pa galimoto amakhala ndi zotsala. Muziyang'ana pepala la kumbuyo kuti dzina la kampani lasindikizidwapo. Carbon yopanda dzina ndikuipatsa ziwiri: imodzi chifukwa pamalo athyathyathya, kutali ndi dzuwa, imakhalako, ina chifukwa ndi imene ndinaphunzirirapo kukoka ndi kupinda ndisanakhudze yodula ija. Ngati ndi koyamba, gulani theka la mita la yotchipayo, muyeserere pa chivindikiro cha ndowa kapena paneli yakutha ya kwa makaniko, manja azolowere.

Ntchito yonse inanditengera masabata awiri, ndikugwira madzulo ndikaweruka pa msewu komanso Lamulungu tikachoka ku tchalitchi. Mapaneli a mabatani a mawindo ndidzawamatula mu Meyi kukayamba kuzizira. Mnyamata wa ku Lilongwe uja ndinamuimbira kale mu Okutobala monga ananenera, ndipo akundisungira zidutswa zinayi za satin yomweyo.